Kamakina Komvera Mtima wa Mwana Wathu

1

Pa msewu wathu palibe amene amanditchula dzina langa lenileni. Onse amati Injiniya. Musandilemekeze pachabe, sukulu ya uinjiniya sindinaipondeko. Ndili ndi kashopu kokonza mafoni ndi mawailesi, kopanikizika pakati pa wometa ndi mayi wogulitsa nsapato. Dzinalo anandipatsa ndi wometayo, tsiku limene ndinadzutsa makina ake ometera atafa. Iye ankangocheza, koma ine mawa lake ndinakalilembetsa pachikwangwani ndi zilembo zofiira. Mwaona kale mtundu wa munthu amene akukulankhulaniyu.

Mkazi wanga anaima titadikira kwa zaka, abale atayamba kale kutiyang'ana ndi diso lachisoni lija. Ndiye atandiuza kuti kusikelo akufuna azibambo abwere, ndinasita shati yoyera n'kupita monyadira, ngati mimbayo ili pa ine.

Mzamba anali mayi wamfupi, wolankhula mosathamanga. Anamugoneka mkazi wanga pabedi, n'kumupaka mafuta ozizira pamimba, n'kuyendetsapo kachipangizo. Kunamveka mkokomo, kenako phokoso lothamanga: gu-gu-gu-gu-gu!

"Ndi ameneyotu," anatero mzamba. "Mtima wa mwana wanu."

Mkazi wanga misozi inalengeza. Ine, bambo wa mwana, mukudziwa chimene ndinafunsa?

"Amayi, makinawa amayendera mabatire angati?"

Mzamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Ndinatulutsa foni n'kujambula phokosolo kuti ndikawamvetse anzanga.

Titatuluka m'chipindamo anatikhazika pamabenchi pamodzi ndi mabanja ena, phunziro n'kuyamba. Ndinamva chiyambi chokha. "Mwana wa m'mimba salankhula," anatero mzamba uja. "Kusewera kwake ndiye mawu ake." Pomwepo foni yanga inalira, kasitomala akufuna wailesi yake. Ndinawerama, n'kutuluka monyang'ama, osabwereranso.

Madzulo mkazi wanga anayesa kundifotokozera zimene ndinaphonya. Akuti mwana aliyense ali ndi kaseweredwe kake, ndipo mayi ayenera kukadziwa. Akuti tsiku lililonse azipeza nthawi yogona cha kumanzere, dzanja pamimba, n'kumvetsera. Akuti akaona kuti kusewera kwachepa kapena kwasintha, asadikire mawa, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

"Mukumva koma, bambo?"

"Ndikumva, ndikumva," ndinatero, maso ali pa foni ya munthu imene ndinkaimasula patebulo lodyera.

2

Patangopita masiku ochepa kunabwera mkulu wina amene amayenda ndi chikwama chogulitsa zipangizo zakale. Pakati pa machaja ndi matochi ndinaona kamakina koyera, kokwana m'dzanja, kokhala ndi waya ndi kamutu kozungulira. Kanali kamng'ono wake wa makina a mzamba aja! Ndinakagula osanenerera n'komwe.

Kunyumba ndinapeza alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, amene anabwera kudzakhala nafe mpaka mwana abadwe. Alamu angawa chiyambire sanandikhulupirirepo. Ndikakonza babu amafunsa ngati nyumba siipsa.

"A Injiniya, mwatolanso chani ku dzala?" anafunsa.

"Khalani pansi alamu, muone sayansi."

Ndinapaka mafuta pamimba pa mkazi wanga, n'kuyamba kufufuza. Thukuta linandituluka, alamu akuseka chamumtima. Kenako, cha m'munsi mwa mchombo, kamakina kanalankhula: gu-gu-gu-gu, motsika koma momveka. Alamu anagwira pakamwa. Tsiku limenelo anandiikira chakudya ndi manja awiri.

Basi, mutu unandikula. Ndinaimbira apongozi kuti amve mdzukulu wawo pafoni, iwo n'kulira. Aneba ankabwera kudzamvera. Pa gulu la banja la pafoni ndinkatumiza mawu a mtimawo ngati wolengeza nkhani. Wometa anayamba kuuza makasitomala ake kuti pafupi pano pali dokotala.

Mkazi wanga sanasiye zake za mzamba. Akadya masana ankakagona cha kumanzere, dzanja pamimba, nkhope ili phee ngati akumvera wailesi ya kutali. Mwanayo ankamudziwa ngati mnzake wakale. Ankati m'mawa ndi waulesi, koma iye akangomwa tiyi mwanayo amayamba kupalasa. Ankati ketulo ikalira amadzidzimuka, ndipo ine ndikayamba kuimba amatembenuka ngati akufuna kuthawa. Anamupatsa dzina loti Wampira.

"Bwerani mugwire, bambo, wayamba."

"Zogwiragwira ndi manjazo n'zachikale, mayi. M'nyumba muno muli makina."

"Mzamba anati makina akunyumba tisawadalire."

"Mzamba akuopa kuti timulanda ntchito."

Ndinaseka ndekha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chinthu chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere: mawu a kamakinako anali otsika. Alamu ananena tsiku lina kuti a kuchipatala amamveka bwino kuposa apa. Zinandibaya. Loweruka lina ndinakatenga n'kupita nako kushopu, ndati ndikakakweze mawu. Ndinabwera nako kutada pang'ono, ndipo kuyambira tsiku limenelo kankalira mwamphamvu moti ngakhale ali kukhitchini ankamva. Sindinkavutikanso kufufuza, ndikangokhudza pamimba mtima unkamveka. Onse anandiombera m'manja.

Kuyambiranso tsiku limenelo sindinalole munthu aliyense kukagwira. Ndinkayenda nako m'thumba la jekete, ndikumati n'kosachedwa kuwonongeka. Zimene zinachitika kushopu Loweruka limenelo ndikuuzani nthawi yake ikakwana. Panopa nkhope ndilibe.

3

Mimba italowa mwezi womaliza, tsiku lina dzuwa litakwera, foni inalira ndili pakati pa ntchito. Anali mkazi wanga.

"Bambo, tabwerani."

"Kwagwanji? Yayamba?"

"Ayi. Wampira sakusewera."

Ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa bedi, kapu ya tiyi ili pansi yopanda kanthu. Maso ake sanali pa ine, anali pakhoma.

"Ndamwa tiyi, zii," anatero. "Ketulo yalira, zii. Dzulo madzulo anasewera pang'ono, mofooka, ndinati mwina ndatopa ndine. Lero wangondikhudza kamodzi ngati akupepesa."

Alamu anali pakhomo, akupukuta manja.

"Iwe, usadzipatse matenda," anatero. "Mwana akayandikira kubadwa amakhala chete. Malo amuchepera. Akusunga mphamvu za ulendo."

"Ayi achemwali, mzamba anatsindika kuti zimenezo n'zabodza. Akuti mwana amasewera mpaka tsiku lobadwa. Kaseweredwe kangasinthe, koma sasiya."

"Chabwino, tisakangane. Si uyu dokotala wathu wafika? Alamu, tulutsani kamakina."

Abale inu, apa ndi pamene ndinayenera kutsegula pakamwa. Alamu ankandiyang'ana ndi ulemu umene ndinaufunafuna zaka zonse. Mkazi wanga ankandiyang'ana ngati munthu womira amene waona chingwe. Ndinapisa m'thumba. Ndinapaka mafuta. Ndinaika kamutu kaja pamimba, n'kudina batani.

Gu-gu-gu-gu-gu! Chipinda chonse chinadzaza.

"Wamva?" anatero alamu, akuomba m'manja. "Ameneyo ndi munthu wodwala? Akuthamanga ngati akuthawa ngongole!"

Mkazi wanga anatseka maso, n'kupuma mozama.

"Ndi iyeyo, bambo?"

"Mwamva nokha," ndinatero.

"Nanga bwanji sakundiyankha?"

"Wagona. Ngakhale osewera mpira amapuma."

Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kondichitira ulemu. Anagona cha kumanzere, dzanja pamimba. Ine ndinapukuta kamakina, n'kukabwezera m'thumba, n'kunena kuti kushopu ndasiya kasitomala. Kunalibe kasitomala aliyense.

4

Masana amenewo sindinakonze kanthu. Ndinamasula foni ya munthu n'kuiwala kumene ndaika timisomali take. Ndinagwira chitsulo chowotcherera mawaya kumbali yotentha, chala n'kutupa. Wometa anasuzumira.

"Dokotala, lero mwadziwotcha nokha? Nanga odwala athawira kuti?"

"Ndisiye, iwe."

"Ha! Akwiya a Injiniya. Kapena alamu aja ayambiranso?"

Ndinadzinamiza ndi zifukwa zonse zimene munthu wamantha amapeza. Ndinati ana amagonadi. Ndinati alamu abereka, akudziwa. Ndinati ndikaweruka ndikanena mwanzeru kuti tiyeni tikangoonetsa kuchipatala, popanda kufotokoza chifukwa. Ndinanyamula foni kuti ndimuimbire mkazi wanga, n'kuibweza. Ndinainyamulanso, n'kuibwezanso. Ndinkaopa chiyani? Ndinkaopa kusekedwa. Ndikunena mosabisa: mwana wanga anali chete m'mimba, ine ndikuopa kuti alamu andiseka.

Dzuwa litapendeka, foni inalira yokha. Anali alamu.

"Mkazi wanuyu ndi wamakani. Wavala, watenga chikwama, akuti akupita kuchipatala kaya timuperekeza kaya ayi. Tili mu takisi. Tipezeni komweko, ndipo mubwere ndi kamakina kaja. Akamve okha kuti mtima uli bwino, asatisunge mpaka mawa."

Kumbuyo kwa mawu awo ndinamva mkazi wanga akuuza dalaivala kuti, "Chonde achimwene, fulumirani."

Ndinasiya shopu yosatseka. Wometa ndiye anandikokera chitseko.

5

Ndinawapeza atalowa kale m'chipinda choyezera. Mzamba anali yemwe uja, wamfupi uja. Alamu anali pakati pofotokoza.

"Ife tamuuza kuti palibe vuto. Mtima taumva kunyumba masana omwe ano, wamphamvu zedi. Bambo akewa ali ndi makina."

"Makina akunyumba sindiwafunsa," anatero mzamba, osatembenuka n'komwe. "Ndikufunsa mayiyu. Mayi, mwana wanu mumamudziwa ndinu. Lero wasewera ngati masiku onse?"

"Ayi."

"Munayamba kuona kusintha liti?"

"Dzulo madzulo."

Mzamba sanakalipe. Anangofulumiza manja. Anamugoneka, n'kumumanga malamba pamimba, n'kuyatsa makina aakulu a pambali pa bedi. Kunamveka mkokomo. Anasuntha. Mkokomo. Anasunthanso. Kenako kunamveka kanthu, kutali, ngati munthu wotopa akugogoda pachitseko cha nyumba ina. Gu... gu... gu... Kankathamanga pang'ono, n'kutsikanso.

Nkhope ya mzamba inasintha. Anauza namwino kuti aitane dokotala msanga.

"Koma si mmene unkamvekera kunyumba," anatero alamu. "Alamu, auzeni!"

Ndinabwerera m'mbuyo, n'kutsamira khoma. Jekete inapanikizika pakati pa ine ndi khomalo, batani n'kudinika.

Gu-gu-gu-gu-gu-gu!

Mtima wamphamvu, wosangalala, unagunda m'chipinda monse. Sunkachokera pabedi. Unkachokera m'thumba mwanga, ine nditaima kukhoma, kutali ndi mimba ya munthu aliyense.

Onse anatembenuka. Ndinapisa m'thumba kuti ndikazimitse, chala chotupa chija n'kuphonya batani. Kamakina kanagwa pansi, chivundikiro n'kuthothoka. Kanapitiriza kugunda pa simenti, matumbo ake ali panja: kasipika ka wailesi, ndi kamemore khadi nditakamata ndi tepi yakuda.

Tsopano ndikuuzeni za Loweruka lija. Pofuna kukweza mawu, ndinalumikiza waya polakwika, kamakina n'kufuka utsi. Kanapsa, kufa kwenikweni. Ndinalimbana nako tsiku lonse osadzuka. Injiniya wa msewu wonse akanabwerera kunyumba n'kunena kuti ndawononga? Ndinachotsa zamkati, n'kuikamo kasipika ndi kakhadi. Pa kakhadipo ndinaikapo mawu aja ndinajambula kusikelo tsiku loyamba. Kuyambira tsiku limenelo, mtima umene apongozi ankaulirira, umene aneba ankauombera m'manja, umene ndinamumvetsa mkazi wanga masana amenewo, unali wa miyezi yapitayo. Ukanagunda chimodzimodzi ngakhale ndikanauika pa pilo.

Ndinkadziuza kuti si bodza lenileni, poti mtimawo ndi wa mwana wathu yemweyo. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mfundo.

Mzamba anawerama, n'kutola kamakina, n'kuchotsa batire. M'chipindamo munatsala kugogoda kofooka kuja kokha.

Alamu anatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Mkazi wanga anandiyang'ana ali chigonere. Sanalire, sanakuwe.

"Munkadziwa?" anafunsa.

"Mayi, ine ndimati..."

"Masana aja. Munkadziwa?"

"Eya."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Dokotala analowa, n'kuyang'ana pepala lotuluka m'makina, n'kunena kuti mwana watopa, ayenera kutuluka pompano. Anamukankha mkazi wanga pa bedi la matayala kupita kuchipinda cha opaleshoni. Ndinayesa kugwira dzanja lake, iye n'kulilowetsa m'nsalu.

6

Ine ndi alamu tinakhala pa benchi imodzi, wina uku wina uko, pakati pathu malo okwana anthu ena. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinkafuna atanditukwana. Sanatero. Patapita nthawi anayankhula, maso ali pansi.

"Inenso ndinamuuza kuti akhale. Ndinati malo amuchepera." Anapukuta mphuno. "Koma ine ndinalakwa posadziwa. Inu munkadziwa."

Ndinapemphera pemphero la munthu wopanda manyazi, lolonjeza zinthu zambirimbiri.

Chitseko chitatseguka, namwino anadutsa mothamanga atanyamula kanthu m'nsalu. Sikankalira. Ndinaimirira, n'kukhalanso. Kenako, kuchipinda cha kutsogolo, kunamveka kamawu kosasa ngati ka mwana wa mphaka. Alamu anagwada pansi pomwepo.

Anali mwana wamkazi. Dokotala anatifotokozera kuti nsengwa, imene imadyetsa mwana m'mimba, inali itatopa, ndipo madzi anali atachepa. Mwanayo anasiya kusewera chifukwa ankasunga mpweya wochepa umene ankalandira.

"Mayi ake anachita bwino kubwera," anatero. "Mukanati mudikire kuche, bwenzi tikukamba nkhani ina."

Ndinafunsa, mwamantha, ngati kamakina kakanakhala kamoyo kakanatithandiza.

"Ayi," anatero dokotala. "Mukanamva mtima ukugunda n'kukagona. Mtima umatha kugunda mwana ali pamavuto. Chimene chinamupulumutsa ndi chakuti mayi ake anamva kuti wasintha."

Mwana anakhala masiku ku nazale, timachubu tili m'mphuno. Ndinkamuonera pagalasi. Nkhani yanga inali itafika kale paliponse, poti alamu mawu atabwerera anabwerera onse. Pa gulu la banja munthu wina anafunsa ngati mwanayo ndi weniweni kapena ndamujambulanso. Apongozi sanandilankhule. Wometa, mnzanga wa zaka, anangoti, "Koma Injiniya iwe," n'kupukusa mutu. Kusaseka kwakeko kunandipweteka kuposa kuseka.

Atatuluka m'chipatala, mkazi wanga sanabwere kunyumba. Anapita kwa alamu ndi mwana. Ndinkapita tsiku ndi tsiku, n'kumakhala pakhonde ngati wodzagulitsa zinthu. Tsiku lina anatuluka, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bala, n'kukhala pampando moyang'anana nane.

Ndinali nditakonza mawu ambiri. Ndinayamba ndi kupepesa chifukwa cha bodza.

"Bodzalo lisiyeni," anandidula. "Amuna amanama, ndinakwatiwa ndikudziwa. Mukudziwa chimene chimandilepheretsa kugona? Mwana wanga ankandiitana. Kuyambira dzulo lake ankandiuza kuti amayi, sindili bwino. Ine ndinamumva. Kenako inu munabwera, ine n'kusiya kumvera iye, n'kumvera inu. Masana onse aja ndinagona pabedi ndikudzitsutsa kuti ndine wamantha. Munandichititsa kukayikira mwana wanga."

Ndinalira, abale. Bambo wamkulu, pakhonde la eni, ana a aneba akuonerera.

"Mukalira mukamaliza," anatero, "mulowe mumunyamule. Musambe m'manja kaye."

7

Owerenga anzanga, makamaka inu azibambo amene mukudikira mwana, ndalemba izi kuti mundiseke, ndipo sekani ndithu, ndine woyenera. Koma mukatha kuseka mumve izi kuchokera kwa munthu amene anathawa phunziro n'kukaliphunzira pakhomo la chipinda cha opaleshoni.

Mwana wa m'mimba ali ndi nthawi zake zosewera, ndipo amene amazidziwa ndi mayi ake. Musamuseke akagona cha kumanzere kumvetsera. Khalani pambali pake, ikani dzanja, mumudziwe nanunso. Ine ndinaitanidwa kangapo kuti ndidzagwire, ndinakana, ndipo mwayi umenewo sudzabweranso. Wina akakuuzani kuti mwana amakhala chete akayandikira kubadwa, kaya ndi alamu, kaya ndi amayi anu okubalani, muwayankhe mwaulemu uku mukuvala nsapato. Mayi akanena kuti lero sakusewera ngati masiku onse, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukakapeza kuti zonse zili bwino, mwangotaya ulendo basi, ndipo mzamba sadzakukalipirani.

Mkazi wanga anabwerera kunyumba patapita miyezi. Mwana wathu panopa akukwawa, ndipo chilichonse chimene wapeza chimapita kukamwa. Timaseka, timadya pamodzi, anthu akationa amati banja labwino. Ndipo ndi labwinodi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sichinabwerere. Mwana akagona masana, ine ndimalowa kukamuona, n'kutuluka n'kunena kuti, "Ali bwino, wagona." Mkazi wanga amati, "Chabwino, bambo." Kenako amasiya chimene akuchita, n'kupukuta manja, n'kulowa kukaona yekha.

Ine ndimangomupatsa njira.